Ankayankha "Ameni" m'mawa uliwonse, ine osadziwa kuti akulira

Tsiku limene akuluampingo anandipatsa ntchito yoyang'anira abale amene anasiya kuoneka kutchalitchi, anandipatsanso kope la mayina 43. Ena anali odwala, ena okalamba amene miyendo inali itakana, ena ogwira ntchito za usiku kapena za Lamlungu, ena anasamukira kutali koma mayina awo anali adakali m'kaundula wathu. Panalinso ena amene palibe ankadziwa chimene chinawachotsa, anangozilala pang'onopang'ono. Ine ndili pa ntchito yolembedwa, ndili ndi banja. Nditawerengera ndinapeza kuti ngakhale nditamayendera makomo awiri pa sabata osajomba, pangathe miyezi isanu ndisanabwererenso pakhomo loyamba. Munthu wodwala sangadikire miyezi isanu. Apa m'pamene maso anga anagwera pa foni.

Ndikulemba zimenezi ndikuganizira anzanga amene mwapatsidwa ntchito yonga iyi, kaya ndi ya achinyamata, ya amayi, yoyendera odwala kapena yofikira amene sanamvepo uthenga, ndipo foni muli nayo m'thumba koma mukusowa poyambira. Ine ndinayamba molakwika, ndipo choopsa chake n'chakuti kulakwako kunkaoneka ngati zinthu zikuyenda.

Ndinkadzuka m'mamawa, kusankha vesi, kulifupikitsa kuti likwane m'zilembo 160 za meseji imodzi, n'kulitumiza kwa onse a mafoni a mabatani. A mafoni amakono ndinkawatumizira pa WhatsApp, vesilo litakhala pa chithunzi cha dzuwa likutuluka. Ndinkakonda kuuza anthu kuti meseji yoyamba padziko lonse, imene inatumizidwa ku UK pa 3 Disembala 1992, inali yofunira munthu Khirisimasi yabwino, choncho chida chimenechi chinabadwa chikutchula dzina la Khristu. Pofika 7 koloko foni inkakhala itadzaza: "Ameni." "Ameni, achimwene." "Ambuye akudalitseni." Ndinkawerenga mayankhowo mtima uli m'malo, ndipo pa msonkhano wa akuluampingo ndinkanena kuti anthu onse 43 akufikiridwa tsiku lililonse.

Bambo wina mwa anthuwo sankaphonya. Ameni wake ankabwera woyamba, nthawi zina pasanathe ndi mphindi imodzi. Tsiku lina ndinapita kuchipatala kukaona munthu wina, ndipo ndikudutsa pakhonde ndinawapeza bamboyo atakhala pabenchi, ndevu zitakula, jekete litawakulira. Akazi awo anali atagonekedwa m'chipatalamo kwa masabata asanu. Masabata asanu! Ndinawafunsa kuti bwanji sanandiuze. Anayang'ana pansi kaye, kenako anati, "Achimwene, zija mumatumiza zija ndi za anthu onse. Ndimaona ngati ndikalemba zanga ndikusokonezani." Anakhala chete pang'ono n'kuwonjezera kuti, "Komanso simunandifunsepo."

Sanalankhule mokwiya, ndipo mwina akanakwiya zikanapepuka. Usiku umenewo ndinatsegula foni n'kubwerera m'mbuyo m'macheza athu. Vesi, Ameni. Vesi, Ameni. Ndinawerenga ma Ameni oposa 30 otsatizana, ndipo onsewo anawalemba atakhala pabenchi lija, akudikira kuti adokotala anena chiyani. Ameni wawo ankabwera msanga chifukwa sankagona. Ine ndinali nditaima paguwa la m'foni, ndikulankhula ndekha, pamene chida chimene ndinali nacho m'manja chinapangidwa kuti anthu awiri azimvana.

Kuyambira sabata imeneyo ndinasintha. Ndinayamba kutenga mayina asanu okha patsiku, kuti pakamatha masiku 9 ndikhale nditalankhula ndi aliyense payekha. Ndinaphunziranso kuti funso la "muli bwanji" limabweza "ndili bwino" ngakhale munthu ali pamoto. Funso liyenera kusonyeza kuti ukukumbukira. "Mwendo uja ukutupabe?" "Mwana uja mayeso analemba bwanji?" "Kuntchito kuja anakuitananinso?" Kuti ndisaiwale, ndimalemba mawu awiri atatu m'kope ndikamaliza kucheza ndi munthu, ndipo kopelo limakhala malo amene ana sangalipeze.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi uthenga wa mawu, umene WhatsApp inayamba kulola mu 2013. Kulemba kumabisa zambiri, koma mawu sabisa. Munthu akakuyankha ndi mawu ake umamva kuti mpweya ukumuthera, kapena kuti wangomaliza kulira, kapena kuti kumbuyo kuli phokoso la mkangano. Inenso ndikafuna kupempherera munthu, ndimajambula pemphero losapitirira mphindi ziwiri, lotchula dzina lake ndi vuto lake lenileni. Lalitali anthu salimaliza, ndipo limadya data ya munthu amene mwina wagula kabandulo kakang'ono. Mayi wina anandiuza kuti pemphero limene ndinamujambulira analimvetsera kasanu ndi kawiri usiku woti mawa lake akachitidwa opaleshoni. Kwa a mafoni a mabatani ndimaimba, ndipo ndinawauza kuti akafuna kulankhula nane asadandaule za mayunitsi, angofulasha, ndiimba ndine.

Mavesi sindinawataye. Ndimatumizabe kawiri pa sabata, koma kwa okhawo amene ndinawafunsa n'kuvomera. Awiri anakana mwaulemu. Zinandipweteka pang'ono, koma mmodzi wa iwo ndi amene lero amacheza nane momasuka kuposa onse.

Pa mndandanda uja panali agogo ena a zaka zoposa 80, amene anaphunzitsa Sande sukulu kwa nthawi yaitali. Maso awo anali atachita ng'ala. Nditafika kwawo ndinapeza Baibulo lili patebulo pafupi ndi bedi, chikuto chake chitasokedwa ndi ulusi wakuda, m'mphepete mwa masamba muli tizolemba ta pensulo ta zaka makumimakumi. Analigwiragwira n'kunena kuti, "Mwana wanga, buku ili ndimangolisisita tsopano. Adzukulu amandiwerengera, koma amathamanga ngati akuthawa mvula." Mameseji anga onse aja sanawaonepo ndi limodzi lomwe. Foni yawo inali ya mabatani, yakalekale, koma nditachotsa batire ndinaona kuti ili ndi polowetsa memori khadi.

Apa m'pamene ndinadziwa za anthu amene akhala akugwira ntchito yojambula Malemba m'mawu kwa zaka zambiri mafoni a m'manja asanabwere. Joy Ridderhof anali mmishonale ku Honduras, anadwala n'kubwerera kwawo ku Los Angeles, ndipo mtima unkamupweteka poganizira anthu amene anawasiya, ambiri a iwo osadziwa kuwerenga. Mu 1939 anayambitsa ntchito yojambula uthenga pa mbale za galamafoni. Ntchito imeneyo lero ndi bungwe la Global Recordings Network, lili ndi zojambula m'zinenero zoposa 6,000, ndipo zimapezeka pa pulogalamu ya pafoni yotchedwa 5fish. Palinso bungwe la Faith Comes By Hearing la ku Albuquerque, ku America, limene limajambula Baibulo lenilenilo likuwerengedwa, ndipo pulogalamu yawo ndi Bible.is. Iwowa ndi amene anapanga kachipangizo kotchedwa Proclaimer, kotchajidwa ndi dzuwa, koti gulu la anthu lizimvetsera pamodzi kumene kulibe magetsi. Amawerengera kuti munthu womvetsera mphindi 28 patsiku amamaliza Chipangano Chatsopano chonse m'masiku 40.

Ndinapita pamalo pamene pali Wi-Fi n'kukopera Uthenga Wabwino wa Marko m'chinenero chimene agogowo anayamwira. Mawu okha salemera ngati kanema. Ola lathunthu la mawu ojambulidwa mopepuka limatenga ma MB pafupifupi 15, choncho kakhadi kakang'ono kamanyamula Chipangano Chatsopano chonse malo n'kutsala. Ulendo woyamba ndinalakwitsa: foni itamaliza mutu 1 inalumphira ku mutu 10, kenako 11, chifukwa imasanja mayina motsatira chilembo choyamba. Agogo anazindikira nthawi yomweyo, anati, "Iii, wafika kale kwa Bartimeyu? Nanga wofesa mbewu uja wamusiya kuti?" Ndinabwerera kunyumba n'kusintha mayina a mafayilo kukhala 01, 02, 03 mpaka 16. Ndinachotsanso nyimbo zonse zimene adzukulu anaikamo, kuti akadina apeze chinthu chimodzi chokha. Pa batani la 5 pamakhala kadontho kotukuka koti chala chizipeza popanda kuona, ndiye ndinawaphunzitsa kuyambira pamenepo kukwera m'mwamba, ndipo pa batani loyambitsa ndi kuimitsa ndinamatapo kachidutswa ka pulasitala.

Sindidzaiwala madzulo amene tinafika pa mutu 5, pa nkhani ya mayi amene anadwala nthenda yotaya magazi zaka 12. Agogo anali atagwira foni ndi manja awiri pafupi ndi khutu, milomo ikuyenda limodzi ndi wowerengayo, chifukwa mawu ambiri ankawadziwa pamtima. Mayi uja atakhudza chovala, chala chawo chinafufuza pulasitala ija n'kudina. Chete. Kenako anati, "Bweza pang'ono, mwana wanga. Ndikufuna ndimvenso pamene akumutchula kuti mwana wamkazi." Tinabweza katatu.

Zimene zinatsatira sindinazikonze ine. Anthu oyandikana nawo anayamba kumva mawu akutuluka pawindo, ndipo mmodzimmodzi anayamba kubwera madzulo. Ndinawagulira kasipika kakang'ono ka Bluetooth, koma foni yawo inakana kulumikizana nako, ndiye tinapeza kena kolowetsa memori khadi mwachindunji, kamenenso batire lake limakhalitsa. Pakutha pa miyezi iwiri pankakhala anthu asanu, nthawi zina asanu ndi atatu, ndipo awiri mwa iwo sanali a mpingo uliwonse. Agogo ankaimitsa pakatha mutu n'kufunsa ngati mmene ankafunsira ana a Sande sukulu: "Mwamvapo chiyani?" Uphunzitsi wawo, umene tonse tinkaganiza kuti unatha ndi maso, unadzukanso. Ndimaganiza kawirikawiri kuti Akhristu oyamba ambiri Malemba ankawalandira chomwechi, ndi makutu. Paulo anauza Akolose kuti kalata yake ikawerengedwa kwa iwo ikawerengedwenso ku Laodikaya, ndipo buku la Chivumbulutso limayamba ndi dalitso kwa wowerenga mmodzi ndi akumva ambiri. Ife a kusukulu timaiwala kuti pali anthu ochuluka, ophunzira ndi osaphunzira omwe, amene chinthu chimawalowa bwino akachimva kusiyana ndi akachiwerenga.

Mukamakopera zinthu zoterezi kuti mugawire ena, yambani mwaona zimene eni ake analola. Ambiri amalola kugawa mwaulere koma osati kugulitsa. Kanema wa moyo wa Yesu wa mu 1979, wotengedwa mu Uthenga Wabwino wa Luka, amene wamasuliridwa m'zinenero zoposa 2,000, ndi wolemera pa data, choncho ndi bwino mmodzi akopere pa Wi-Fi ena atengere kwa iye kudzera pa khadi kapena pa mapulogalamu otumizirana mafayilo popanda intaneti.

Achinyamata nkhani yawo ndi ina. Iwo Baibulo ali nalo kale m'foni, ambiri pa pulogalamu ya YouVersion, imene mpingo wa Life.Church wa ku Oklahoma unatulutsa mu 2008 ndipo pofika mu 2021 inali itaikidwa m'mafoni ka 500 miliyoni. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mabaibulo ochuluka a mmenemo angathe kusungidwa m'foni kuti aziwerengeka data itatha. Vuto la achinyamata si kusowa Malemba, koma kuti vesi ndi meseji ya mnzawo zimalowera khomo limodzi. Sindinawaletse kuwerenga pa foni m'kalasi lathu. Tinangogwirizana kuti tisanapemphere aliyense azimitse data, ine woyamba, foni ndikuionetsa m'mwamba. Kuwerenga buku limodzi pamodzi, mutu umodzi patsiku, aliyense n'kulemba pagulu chiganizo chimodzi chimene chamugwira, kwawathandiza kuposa maulaliki aatali amene ndinkawatumizira.

Tsopano ndinene chimene chimandivuta kunena. Mu 2020, mliri wa COVID-19 utatseka makomo a matchalitchi m'mayiko ambiri, tinatsegula gulu la pa WhatsApp la mpingo wonse, ine ndili adimini. Linatigwira dzanja kwambiri m'miyezi imeneyo. Abusa ankajambula ulaliki wa mphindi 15, ine n'kuutumiza Lamlungu m'mawa, mabanja n'kumvetsera m'nyumba zawo. Koma walira mvula walira matope.

Mayi wina anandilembera pandekha kuti zotsatira za kuchipatala zabwera ndipo si zabwino, anatchula ndi nthendayo, n'kumaliza ndi mawu akuti "mundipempherere." Ine, mtima uli phaphapha ndi chifundo, ndinalemba pagulu la anthu oposa 100 kuti tiyeni tigwade chifukwa cha mayi wakutiwakuti amene wapezeka ndi nthenda yakutiyakuti. Ola lisanathe, wina anali atajambula uthengawo pa sikirini n'kutumizira mwana wa mayiyo, amene ankakhala kutali, pomupepesa. Mwanayo sankadziwa kalikonse. Mayi ake ankadikira kuti adzamuuze okha, pamaso. Ndinafufuta uthengawo, koma unali utauluka kale. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo wa pa foni umathamanga kuposa mwini wake.

Kupepesa kwa pa foni ndinaona kuti sikukwana. Tinapita ndi akazi anga, tinaima pabwalo motalikirana monga mmene malamulo a nthawiyo ankanenera, ndipo ndinavomera kulakwa kwanga popanda kudzikometsera. Mayiyo anati, "Abambo, ine ndinauza inu. Sindinauze mpingo." Anandikhululukira, koma panatha pafupifupi chaka asanandiuzenso chilichonse cha mumtima, ndipo sindiwaimba mlandu. Kuyambira 2016 mauthenga a pa WhatsApp amayenda otsekedwa, moti munthu wapakati sangawawerenge. Koma loko ameneyo amateteza uthenga uli panjira basi. Ukafika m'manja mwa anthu 100, chinsinsi chimadalira mitima 100. Lero munthu akandipempha pemphero ndimamufunsa: ndipemphere ndekha kapena ndiuzeko ena? Ngati ena, ndani? Nditchule dzina lanu ndi vutolo, kapena ndingoti mbale wina? Zithunzi za odwala, za ana a anthu, ndi za munthu amene wabatizidwa abale ake asakufuna, sindiika paliponse mwini wake asanavomere. Pali mayiko amene chithunzi chimodzi cha ubatizo chingachotsetse munthu ntchito, banja, ngakhale moyo.

Gulu lija linandiphunzitsanso kuti Akhristu timakhulupirira msanga chinthu chikangotchula dzina la Mulungu. Kunkabwera maulosi opanda mwini, mankhwala a mliri osayesedwa, ndi mauthenga oopseza akuti ukapanda kutumiza kwa anthu khumi tsoka likugwera. Eni ake a WhatsApp anayesa kuchepetsa liwiro la zoterezi: mu 2019 anaika malire oti uthenga uzitumizidwa kwa anthu kapena magulu asanu okha pa nthawi imodzi, ndipo mu 2020 uthenga umene wayendayenda kwambiri, uja umakhala ndi timivi tiwiri pamwamba, anauika malire a malo amodzi. Ndinaphunzitsa gulu lathu kuti likaona timivi tiwirito liziima kaye. Tinagwirizana kuti chilichonse chonena za mankhwala kapena ulosi chizidutsa kwa adimini, ndipo wolakwitsa ndimamulembera kumbali, osamuchititsa manyazi pagulu.

Masiku ano kwabweranso mapulogalamu oyankha mafunso ngati munthu. Mnyamata wina wokonzekera kuphunzitsa anzake anafunsa imodzi mwa izo kuti imupatse vesi lonena za kupirira. Inamupatsa mawu okoma kwambiri, buku, mutu ndi ndime zonse zili pomwepo. Titatsegula Baibulo, pamalopo panali nkhani ina, ndipo mawu ajawo sitinawapeze paliponse. Sindikunena kuti zida zimenezi zitayidwe. Ineyo zandithandizapo kusanja mfundo ndi kupeza mafunso okambirana. Koma anthu a ku Bereya, pa Machitidwe 17, ankafufuza m'Malemba tsiku ndi tsiku kuti aone ngati zimene Paulo akunena zili zoona. Ngati Paulo ankafufuzidwa, makina asatipusitse ndi kulankhula kosalala.

Za ndalama ndinene mwachidule. Chiyambireni M-Pesa ku Kenya mu 2007, kutumiza ndalama pa foni kwafalikira m'mayiko ambiri, ndipo kwathandiza kuti chopereka kapena thandizo la wodwala lifike tsiku lomwelo. Koma nambala yolandirira ikhale ya mpingo, yodziwika kwa anthu oposa mmodzi, ndipo malipoti aziwerengedwa poyera. Kwathu wakuba wina analanda akaunti ya WhatsApp ya mkulu wa mpingo atamunyengerera kuti amuuze manambala 6 amene anabwera pa meseji, kenako anayamba kupempha ndalama m'dzina lake. Manambala amenewo sauzidwa munthu aliyense. Tsegulani chitetezo chachiwiri cha pa WhatsApp, chija chofuna PIN, ndipo uthenga wopempha ndalama ukabwera, ngakhale uli ndi chithunzi cha abusa, imbani mumve mawu awo.

Nanga amene ali kunja kwa mpingo? Pamenepa ndinayembekezera zambiri kuchokera ku Facebook, koma amene ankayankha zolemba zanga anali Akhristu anzanga okhaokha. Khomo linatsegukira pamene sindinkaganizira, pa sitetasi ya WhatsApp, ija imafufutika pakatha maola 24. Ndinkaikapo kamodzikamodzi mawu ochepa a zimene ndikulimbana nazo ineyo, monga mantha amene ndinali nawo mwana wathu atadwala ndi salimo limene linandigwira. Mnzanga wina wa kuntchito, munthu amene ankaseka za mapemphero poyera, dzina lake linkaoneka pa oonera nthawi zonse, koma sananenepo kanthu kwa miyezi yambiri. Sitetasi ili ndi ubwino umenewu: munthu amasuzumira popanda womukakamiza, ndipo safunika kufotokozera aliyense.

Usiku wina, nthawi itadutsa 12 koloko, foni inawala. Anali mnzanga wa kuntchito uja. "Akulu, muli maso?" Mng'ono wake anali atamwalira mwezi wapitawo, iye anali atamwa, ndipo analemba mawu osonyeza kuti moyo watopa nawo. Zala zanga zinathamangira kufuna vesi, koma ndinadziletsa. Ndinadzutsa akazi anga kuti adziwe zimene zikuchitika, n'kumuimbira. Ndinamufunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, ndipo anavomera. Ndinamufunsa amene ali naye m'nyumba, n'kumupempha kuti amudzutse ndilankhule naye. Tinakhala pa foni mpaka msuweni wakeyo atakhala pambali pake ndi kuchotsa zinthu zoopsa. Kutacha ndinapita, ndipo tsiku lomwelo tinamuperekeza kwa achipatala odziwa za maganizo. Munthu akafika pamenepa, meseji ya chilimbikitso siyokwanira. Pamafunika mawu amoyo nthawi yomweyo, munthu wa thupi pafupi naye, ndi thandizo la odziwa ntchitoyo.

Mnzangayo mpaka lero sanabatizidwe, ndipo sindimuthamangitsa. Anandipempha Uthenga wa Yohane wa mawu, amamvetsera pa mahedifoni popita kuntchito, ndipo nthawi yopuma amandipanikiza ndi mafunso amene ena sinditha kuwayankha. Yohane yemweyo, kumapeto kwa kalata yake yachiwiri, ananena kuti ali ndi zambiri zoti alembe koma sakufuna kuzinena ndi pepala ndi inki, akuyembekeza kubwera kuti adzalankhulane pamaso. Kalatayo anailemba ndithu, ndipo tikuiwerenga mpaka lero, koma mtima wake unali pa ulendo. Inenso makomo aja ndimayenderabe awiri pa sabata. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimadziwa khomo loyenera kuyambira, chifukwa ndamva kale mawu a amene akumira.

Chinanso chimene ndinachedwa kuphunzira ndi kuika malire. Foni ilibe Sabata. Panali nyengo imene ndinkayankha mauthenga pa nthawi ya chakudya, mwana wanga akundifotokozera za kusukulu ine maso ali pa sikirini, mpaka tsiku lina anangosiya chiganizo pakati n'kutuluka. Tsopano anthu anga akudziwa kuti ikakwana 9 koloko usiku sindiwerenga mameseji, koma pakagwa zadzidzidzi aimbe, ndidzuka. Ndikamalangiza munthu wamkazi kwa nthawi yaitali, ndimamupempha kuti tilowetsepo akazi anga kapena mayi wina wokhwima wa mumpingo, chifukwa macheza a awiri a usiku, ngakhale ayambe ndi pemphero, agwetsa anthu olimba kuposa ine.

Mutu umodzi susenza denga, ndiye mayina aja tinagawana anthu anayi. Mmodzi mwa anayiwo ndi bambo uja wa pabenchi. Akazi awo anachira, ndipo iwo anadzipereka okha kutenga mayina khumi, makamaka a amene ali ndi odwala m'chipatala. Mwezi watha ndinadwala chifuwa chimene chinandigoneka masiku angapo, ndipo sindinauze munthu aliyense wa kumpingo. Lachitatu m'mawa foni inalira, uthenga wa mawu wa masekondi 40. "Achimwene, Lamlungu ndinakumvani mukutsokomola poimba, ndipo dzulo simunatumize kanthu. Chifuwacho chili bwanji? Kuchipatala mwapita? Musandiyankhe kuti Ameni. Ndikubwera ndikaweruka."